Zija za kwa a Dailesi

A Dailesi Mukhuna tinakawaika ku manda a ku Bangwe popanda nyimbo ngakhale imodzi. Sindikunena zakumva, bokosilo ndinanyamula nawo. Tinachoka pakhomo tili chete, kumangomveka mapazi ndi chifuwa cha nkhalamba ina, ngati tikukabisa chinthu chakuba. Mayi amene ankadzutsa anthu ndi nyimbo, mpingo wake unati sungamuyimbire. Pobwerera, munthu wina kumbuyo kwanga ndiye akuti zawo zimenezo, ankachita zaufiti, anapengetsa ndi mchimwene wawo yemwe. Ndinatembenuka nditakunga kale chibakera, anthu anachita kundigwira. Chabwino, manja munandigwira tsiku lija. Ndiye ndalemba. Amene zimuwawe andipeza pafupi ndi msika wa Limbe pamene ndimakonzera njinga, sindisamuka.

A Dailesi anabadwira kutsidya, m'dziko la Apwitikizi. Makolo awo anathawa chibalo, nawoloka mtsinje wa Ruo iwo ali kumsana, nakakhala m'minda ya tiyi ku Mulanje. Mayi awo anali wovinitsa nantongwe, gule wa Alomwe wa munthu amene mizimu yamukhala pamutu. Wodwalayo amamukhazika pakati, ng'oma nkumalira, akazi nkumayimba ndi kuomba m'manja, mpaka thupi lake litayankha lokha. A Dailesi ali kamtsikana ankagwira maseche pambali pa mayi awo. Kenako kunabwera mishoni, anabatizidwa, anapatsidwa dzina limeneli, nauzidwa kuti za ng'oma zija ndi za mdima. Anamvera. Anakwatiwa ndi munthu wa ku njanji, nabwera naye ku Limbe. Mwamunayo anapita ku Halale kukafuna ntchito yabwino, ndipo mpaka lero akufunabe. Ana awiri amene anawasiyira anamwalira ndi chikuku chaka chimodzi.

Chotero anatsala ndi manja awo. Ankachapa zovala za banja la a Rasiklal, Mmwenye wa sitolo yopikulitsa nsalu. M'mawa mtolo pamutu, kumtsinje, kumenya pamwala, kuyanika, kusita ndi simbi ya makala, madzulo kukapereka. Zala zawo zinali zong'ambikang'ambika ndi sopo ngati chinangwa chouma. Ine ndinawadziwa chifukwa nyumba zathu zinayang'anizana, ndipo nditagona ndi malungo chaka china, opanda wondiyang'ana, ndi iwo amene ankandimwetsa phala uku akundikalipira kuti ndikwatire.

Muyenera kudziwa mmene zinthu zinalili. Masiku amenewo ukangolankhula Chilomwe pamsika, wina akuti Nguru uyo, bisani njoka angadye. Alomwe ambiri m'tauni muno anameza chilankhulo chawo, ana awo osachidziwa nkomwe. A Dailesi ankalankhula Chinyanja chosalala kuposa changa. Chilomwe chinkawapulumuka pokhapokha simbi ikawaotcha. Chimene ankanyadira pa dziko lino chinali bulauzi yoyera ya amayi a mpingo. Ankaisita kawiri, nkuipachika pamsomali ataikuta ndi nyuzipepala. Ankati munthu wopanda mwamuna, wopanda mwana, wopanda munda, chamutsalira ndi chakuti akadzafa anthu adzamuyimbire.

Koma anali ndi mchimwene wawo, Aleck, chitsirizira cha mayi awo, amene anamulera okha kumsana. Aleck analowa Keyala, usilikali wa Angerezi, ndipo anamutumiza ku Maleya, kunkhondo ya m'nkhalango. Anapita ali mnyamata wanthabwala, wosatha kuyenda popanda likhweru. Anabwerako Chitaganya chitangoyamba, ali ndi majombo okha, pakamwa atasiya komweko. Sankalankhula. Ankakhala tsonga tsiku lonse, maso ali kudenga ngati akudikira chinthu chigwe. Anamupezera ntchito yokweza mabelo m'malole pa Ginnery Corner, koma lole ina itaphulika kumbuyo poliza, anakamupeza m'ngalande atakwirira mutu m'matope.

Ndiye anyamata ongokhala pa Limbe, aja odikira katundu wa anthu pa siteshoni, anapeza masewera. Aleck akamadutsa, mmodzi ankamuzembera kumbuyo ndi chitini ndi mwala. Chitini chikalira, Aleck ankadzigwetsa nkumakwawa ndi zigongono pakati pa msewu, iwo nkumakuwa kuti Keyala gona, Keyala gona. Musaganize kuti ankaseka ndi ana okha. Ankaseka makalaliki a mataye, ankaseka amayi ogulitsa tomato, anthu oti Lamulungu mumawapeza kutsogolo m'tchalitchi maso ali otsinzina. Ine ndinathyolerapo pampu ya njinga pamsana pa wina, koma mawa lake anabwera awiri.

Tsiku lina pothawa chitini, Aleck analowa ndi mutu pagalasi la sitolo ya a Mahmood. Apolisi anamutenga. A Dailesi anakagwada, a Mahmood anati za galasi zisiyeni, koma sajeni anawauza mosabisa kuti akadzangobwereza, akamutsekera ku chipatala cha amisala. Tonse tinkadziwa kuti kumeneko munthu amapita pa galimoto, chobwerako ndi uthenga. Sajeniyo anati ngati akumufuna mchimwene wawoyo, azimumangirira pamtengo ngati mbuzi.

Sanamumange. Anayamba kumutenga kumtsinje, kumukhazika pamthunzi iwo akuchapa. Tsiku lina akumenya pamwala nsalu yoyala pabedi ya a Rasiklal, maganizo ali kwina, manja anakumbuka okha kamenyedwe ka ng'oma ya mayi awo: kawiri mofulumira, kamodzi kolemera, kupuma, kubwereza. Atatukula maso anaona mapewa a Aleck akugwedera. Anasintha dala kamenyedweko, mapewa aja anaima. Atabwerera pa kakale, Aleck anadzuka, nalowa m'madzi ndi majombo ake, navina. Amayi ena ochapa anathawa ndi mabeseni awo. A Dailesi anamenyabe mpaka nsalu ija inang'ambika pakati. Aleck anakhala pansi m'madzi momwemo, nalira ngati mwana, ndipo atatha kulira anatembenuka.

"Achemwali, ndili ndi njala."

Awa anali mawu ake oyamba chibwerere kunkhondo. A Lata, akazi a a Rasiklal, anakalipa ataona nsaluyo, koma atamva nkhani yake anangopukusa mutu, nati zidutswazo atenge.

A Dailesi anaitanitsa ng'oma ya malemu mayi awo ku Mulanje. Inalowa m'Bangwe itakulungidwa pakati pa mtolo wa zochapa. Lamulungu lililonse masana, akaweruka ku tchalitchi, ankavula bulauzi ija, nkuipachika, nkutulutsa ng'oma kuseri kwa nyumba, mkati mwa mpanda wa udzu. Woyimba ng'omayo ndinali ine, poti zala zawo sizikanatha. Anatenga nyimbo za mayi awo, nachotsamo mawu a Chilomwe, naikamo a m'tchalitchi. Mzimu sankaitana, muzu wa mtengo sankapatsa munthu, kanthu sankalandira. Kuyimba, kuomba m'manja, kuvina, basi. Aleck akatopa ankamupatsa dothi la kumtsinje kuti aumbe. Ankaumba tianthu togona chafufumimba, ndipo pang'onopang'ono anayamba kutitchula mayina. Ankati aka ndi Alidi, kwawo ku Mangochi, anandipempha madzi ine ndilibe. A Dailesi sankafunsa zambiri. Ankangotenga kamunthuko nkukaika pamthunzi kuti kasang'ambike.

Anali ndi malamulo awo. Wolowa mumpandamo sankafunsidwa kuti wadwala chiyani. Woseka mnzake ankatulutsidwa, ngakhale akhale wa taye. Munthu sankamukoka kuti avine, ankamusiya akhale pamphasa masabata ngakhale angati. A Dailesi sankayang'ana nkhope, ankayang'ana mapazi. Akaona chala cha munthu chayamba kugwedera, ankanditsinzinira kuti ndisathamange, nditsate chalacho, ng'oma ipite kwa munthu osati munthu kwa ng'oma. Ndikapupuluma, poti mtima wanga mukuudziwa, ankandilasa ndi chigongono nkunena kuti achimwene, imeneyo si pampu.

Aleck anayamba kubwerera. Anayamba kupereka moni, kumeta ndevu, kusenzera achemwali ake mtolo. Chitini chikalira pa Limbe ankanjenjemera koma sankagwanso, mpaka anyamata aja anagwa ulesi. Likhweru linabweranso. Tsiku lina ndinamumva akuwauza a Dailesi kuti bulauzi imeneyo akaisita kachitatu, Yesu aziwazindikira ndi fungo la kupserera, iwo nkumuthamangitsa ndi simbi bwalo lonse. Anayambanso kuchedwa dala pa mayi wina wogulitsa zitumbuwa, ife nkumayerekeza ngati sitikuona. Zaka zinadutsa choncho. Anthu ena anayamba kubwera: bambo wa ku njanji amene anaona mnzake akudulidwa ndi sitima, mtsikana wina wachibwibwi, ndi a Winnie, akazi a a Kingstone.

A Kingstone amenewa muwagwire bwino. Anali mkulu wa mpingo wa a Dailesi, kalaliki wa kampani ina ku Blantyre, munthu wa jekete ngakhale dzuwa la Okutobala. Ankadzitcha Mnyanja. Koma mayi awo ndi mayi a a Dailesi anawoloka Ruo m'bwato limodzi, ndipo a Dailesi ankawatchula kuti achimwene. Akazi awo atataya mwana pobereka anasiya kudya, nkumangoyang'ana khoma. Mapemphero analephera, jekeseni inalephera. A Kingstone anawabweretsa okha, kudzera njira ya kuseri, nawakankhira pa kachipata, iwo nkuima m'nthochi chipewa atachitsitsira kumaso. Ndinkawaona mapazi pansi pa mpanda. Phazi lamanja linkagunda pansi motsata ng'oma, osaphonya. A Winnie anachira, anaberekanso mwana wamwamuna, ali moyo, mumamudziwa.

Tsono vuto linali dzina. Chinthu chikamachitika Lamulungu lililonse, anthu salola kuti chikhale chopanda dzina. Oyandikana nawo nyumba ankati ufiti. A ku mowa ankati dansi ya amisala. A Lata ankati ndi mankhwala, mankhwala abwino, ndipo a Dailesi ankawapempha kuti mawu amenewo asamawatchule pagulu, poti wodzitcha wamankhwala boma linkamuyang'ana ndi diso lofiira. A Morris, kalaliki wa ku kampani ya Mandala wokonda kuwerenga, amene ankaperekeza mlongo wawo wachibwibwi uja, anatiuza kuti ku Mangalande zimenezi zimachitikira m'zipatala, ndipo zili ndi mayina ake a Chingerezi aataliatali: lina la kuchiza ndi nyimbo, lina la kuchiza ndi kuvina, lina la kuchiza ndi zoumba ndi zojambula, lililonse ndi katswiri wake. Anawatchula onse, malilime athu anakana. A Dailesi anafunsa kuti nanga wodwala akamavina uku akuyimba, akatswiriwo amamugawana bwanji, wina miyendo wina pakamwa? A Morris anaseka, nati awalembere limodzi la mayinawo pa thabwa, likhomedwe pachipata, anthu aziopa. A Dailesi anakana. Anati thabwa la Chingerezi pa nyumba ya udzu ndi kuitana apolisi.

Koma dzina limene linkawapsetsa mtima linkachokera kwa nkhalamba zina za ku Mulanje zimene zinkabwera kudzaomba m'manja. Izo zinkati iwe Dailesi usatinamize, uyu ndi nantongwe, wangomuveka bulauzi. Pamenepo ankalusa. Ankati nantongwe anatsala ku Mulanje m'manda a mayi awo, iyi ndi kwaya, kodi mawu ake simukuwamva? Kwaya, kwaya, mpaka ana a m'mudzi anayamba kunena kuti kwaya ya amisala. Ife a mkatimo tinkangoti zija. Mubwera ku zija? Zija zilipo lero? Ndipo zija zinkagwira ntchito yake osadikira kuti wina azibatize.

Kenako chinafika chaka cha chipolowe, 1959, pamene boma linagwira anthu a Kongeresi nkudzaza mpanda wa waya ku Kanjedza, apa pomwepa. Misonkhano inaletsedwa. Anthu akaima atatu pamsewu, wachitatu ankangoyang'ana kumbuyo. Wina, kaya ndani, Mulungu akumudziwa, anakanena kuti ku Bangwe kuli nyumba imene anthu amasonkhanako ndi ng'oma. Apolisi anafika masana nyimbo ili pakati. Aleck ataona yunifolomu anaima njo, nachita sawatcha, thukuta lili chuchuchu, iwo nkufa nako kuseka. Anafunsa kuti ichi nchiyani. A Dailesi anati kwaya. Apolisi ananyamula ng'oma, nati mayi abwere ku boma, ndipo mkulu wa mpingo wa kwayayo abwerenso.

Mlandu usanafike, a Dailesi anapita kwa a Kingstone kukapepesa kuti awalowetsa m'mavuto. A Kingstone anawalandirira panja, pa mpando wa ndalema, nawapatsa tiyi. Anati musadandaule achemwali, tikaona komweko. A Dailesi anabwerako mtima uli m'malo, akuti mwamva, ati tikaona. Ine ndinati munthu wonena kuti tikaona, waona kale.

Tsiku la mlandu tinadikira pakhonde la ofesi kuyambira m'mawa. Amayi a mpingo anabwera gulu atavala zoyera, nakhala pa kapinga. Sanabwere kudzathandiza, anabwera kudzamva. Womasulira anali a Mohamedi, Myao wachikulire amene njinga yake ndimakonza ine. Anatikokera pambali, natiuza mmene mzungu wa mlanduwo amaganizira. Anati mayi akanena kuti ndi mankhwala, alowa m'mlandu wa using'anga. Akanena kuti anthu amangosonkhana, ndi Kanjedza. Akanena kuti kwaya, mzungu afunsa mpingo. Koma akanena kuti ndi gule wa makolo a kwawo, nkhani yatha, chifukwa mzunguyo ankapenga nawo magule, ankawajambula zithunzi, ndipo anali atamasulapo kale anthu ena pa nkhani yonga yomweyi.

"Mungoti gule wa kwathu, mayi. Mutchule dzina lake. Ng'oma mubwerera nayo lero lomwe."

A Dailesi anayang'ana pa kapinga paja. "A Mohamedi, nditchule dzina limenelo amayi aja akumva? Lamulungu andidula. Ndikadzafa adzandiyimbira ndani?"

Ine ndinawauza kuti achemwali, za kufa zisiyeni, Aleck ali moyo. Ndinawakumbutsa za sajeni ndi galimoto yake, kuti ng'oma ikapita, mchimwene wawo atsatira. Anandiyankha kuti ndisaope, a Kingstone ndi mbale wawo, mwana amene ali pamsana pa a Winnie ndi mboni, munthu sangakane chitsime chimene anamwapo. Ankafuna kutuluka muofesimo ndi zonse ziwiri, ng'oma ndi bulauzi. Uku ndiko kulakwa kwawo, ndipo amene sanakhalepo Mlomwe wobatizidwa m'tauni muno asafulumire kutsekula pakamwa.

Mzunguyo anali mnyamata, wofiira makutu. Ng'oma anaiika patebulo, akuisisita chikopa, akuigogoda ndi chala, akumwetulira. Anafunsa yekha, a Mohamedi nkumasulira mokweza dala, ngati uyu ndi gule wa mtundu wawo, ndipo dzina lake ndi chiyani. Yankho anachita kuwaikira m'kamwa. Koma zenera linali lotsekula, ndipo amayi aja anali atasendera pafupi.

"Ndi kwaya, bwana. Timayimbira Mulungu."

A Mohamedi anatsinzina asanamasulire. Mzungu anafunsanso, yankho lomwelo. Kumwetulira kunatha. Anaitana a Kingstone. Analowa chipewa chili m'manja, jekete atamanga mabatani onse, osayang'ana kumene kunali a Dailesi. Anayankha m'Chingerezi, kenako anabwereza m'Chinyanja kuti a pazenera amve.

"Mpingo wathu ulibe kwaya ku Bangwe. Ife sitiyimba ndi ng'oma. Izi ndi za Anguru, bwana, ife sitizidziwa."

Zimene ndinanena pamenepo sizilembeka. Ndinatchula nthochi, ndinatchula phazi, ndinatchula bwato la pa Ruo, mpaka mesenjala anandimenya khofi nkundiponya panja. A Winnie anali pa kapinga, mwana kumsana, akuzula udzu umodziumodzi. Sanatukule mutu.

Chigamulo chinali chachidule. Mpingo wati si kwaya. Mwini wake wati si gule. Chatsala ndi msonkhano wopanda chilolezo ndi kunamiza boma. Poti ndi mzimayi, mzungu anati sawatsekera, koma pakhomo pawo pakadzamvekanso ng'oma kapena m'manja, onse opezekapo adzapita ku Kanjedza. Ng'oma inatsala. A Mohamedi anadzandiuza kuti anaiona pakhonde la nyumba ya mzunguyo, ataikapo mbale ya phulusa la fodya.

Ndipo Lamulungu lotsatira anawadula ndithu. Dzina lawo linatchulidwa kutsogolo, wotchula a Kingstone, mlandu wake kuvinitsa zachikunja ndi kuipitsa mpingo pamaso pa boma. Amayi awiri anabwera kudzatenga bulauzi. Anaipeza yosita. Akale anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo a Dailesi anavumbwa mpaka m'mafupa.

Patapita nthawi a Kingstone anaima pa ine, tcheni cha njinga chitaduka. Anati ndisawade, akanatani, akanavomera akanachotsedwa ukulu, ana awo akanathamangitsidwa ku sukulu ya mishoni. Ndiye anawonjeza kuti komanso a Dailesi anadzichita okha, akanangonena kuti gule. Mwamva? Munthu amene anakhala pansi kudikira kuti awadule akatchula gule, akuti akanangonena kuti gule. Njingayo ndinaiponya m'ngalande. Anaitola okha, naikankha mpaka ku Blantyre.

A Dailesi anayesa kubwerera ku mwala wa kumtsinje. Koma nkhani inali itamveka Limbe yense, ndipo anyamata aja anawatsatira ndi zitini zawo, nkumaima kutsidya. A Dailesi akamenya kawiri iwo ankamenya kasanu, kusokoneza dala. Aleck ankadzuka nkuima mwendo uli m'mwamba, osadziwa kuti atsate ziti. Anthu a zija anaopa Kanjedza, palibe anabweranso, ndipo sindikuwada. Ine ndinkapita kukagogoda pa chishalo cha njinga chapansipansi m'nyumba, chitseko chotseka, koma munthu savina monong'ona. Likhweru linatha, moni anatha, ndevu zinamera. Tianthu tadothi tija Aleck anatiponda tonse ndi jombo.

Chinamumaliza ndi nyengo ya chikondwerero cha nyale cha Amwenye, pamene masitolo amagulitsa tinthu tophulika tija ana amaseweretsa. Anyamata aja anapeza kamodzi, nakaika m'chitini, nakayatsa kumbuyo kwa Aleck masana pakati pa msika, iye atasenza mtolo wa achemwali ake. Sanagwe yekha. Anagwira bambo wina wonyamula matumba amene anali pafupi, namugwetsa, namukokera pansi pa ngolo, namugonera pamwamba kumuphimba ndi thupi lake, monga ankachitira ndi anzake kunkhalango. Bamboyo anathyoka mkono. Anthu anati wamisala akupha munthu. Anamukoka miyendo, namumenya ndi nzimbe, ndipo chingwe chomumangira anachisolola mumtolo womwewo, chingwe choyanikira cha a Dailesi. Woyatsa uja anathandiza nawo kumanga mfundo. Pamene ankamukweza m'galimoto ya apolisi, wina anakuwa kuti wamisala anaona nkhondo, msika wonse nkuseka. A Dailesi ankatola zovala za a Rasiklal m'fumbi, chimodzichimodzi, poti zinali za eni ake.

Tinapita kukamuona ku chipatala cha amisala patapita miyezi, pa basi. Polowa tinadutsa chipinda china chokhala ndi thabwa la Chingerezi pachitseko, dzina lalitali longa aja a a Morris. Mkatimo amuna ometedwa mpala ankaluka madengu, ali chete. A Dailesi anasuzumira, nkhope inawala pang'ono, koma Aleck munalibe. Tinamupeza kuchipinda cha kumapeto, atagona chagada pabedi lachitsulo, manja onse awiri atamangidwa ndi nsalu m'mbali mwa bedi. Wosamalira odwala, mnyamata waulemu wake ndithu, anatifotokozera kuti amamumanga chifukwa amagogoda chitsulo cha bedi tsiku lonse, kagogodedwe kamodzimodzi, kawiri mofulumira, kamodzi kolemera, mpaka zala kutuluka magazi. Anati adokotala ali nalo dzina la zimenezo, ndi chizindikiro chakuti matenda akukula.

A Dailesi anagwada, naika dzanja pachifuwa pa Aleck, nayamba kugogoda ndi zala zong'ambika zija. Kenako anayimba. Sanayimbe mawu a m'tchalitchi. Anayimba a mayi awo, m'Chilomwe, mokweza, odwala onse akumva, mawu oti ine ndemwe ndinali ndisanawamvepo pakamwa pawo. Maso a Aleck sanachoke kudenga. Koma chala chachikulu cha kuphazi chinayamba kugwedera.

"Mayi, musamuyambitse, tivutika ndife," anatero mnyamatayo. "Nyimbo yanji imeneyo?"

"Nantongwe."

"Sindinaimvepo. Nthawi yoona odwala yatha."

Dzina lija analitchula, koma kwa munthu woti sakanatha kumasula ngakhale mfundo imodzi. Anabwerera ku Limbe nachapabe, koma pamwala sanamenyenso. Ankangofikisa m'beseni, a Lata nkumadandaula kuti makolala sakuyera. Chifuwa chinawatenga a Dailesi chaka chathachi. A Kingstone anabwera pamaliropo, anakhala pampando wa kutsogolo, anadya. Aleck akadali komweko. Nditapita kukamuuza za achemwali ake, ndinapeza atamumanga ndi mapazi omwe.